Kuyezetsa magazi musanadwale: zoyenera kupempha, kakonzekeredwe ndi kumvetsa zotsatira

Kuno kwathu munthu akanena kuti wapita kukayezetsa magazi, omumva amangoganiza za kachilombo ka HIV. Zimenezi n'zomveka, pakuti kwa zaka zambiri mauthenga a pa wailesi, zikwangwani za m'misewu ndi alangizi a zaumoyo akhala akugwiritsa ntchito mawu amenewa polimbikitsa anthu kudziwa momwe m'thupi mwawo muliri, ndipo ntchitoyo yapulumutsa miyoyo yambiri. Koma tanthauzo la mawuwa lachepa kwambiri, moti munthu amene wapezeka kuti alibe kachilombo amabwerera kunyumba akunena kuti magazi ake ali bwino, pamene palibe amene wayang'ana shuga wake, impso zake, chiwindi chake kapena kuchuluka kwa magaziwo. Kachipangizo koyezera HIV kamayankha funso limodzi lokha, ndipo mafunso enawo munthu ayenera kuwafunsa paokha.

Matenda amene akuvutitsa anthu ambiri m'tauni masiku ano amayamba mwakachetechete. Shuga amatha kukwera kwa zaka zingapo munthu akugwira ntchito zake bwinobwino, ndipo impso zimatha kufooka kwambiri mwini wake asanamve kupweteka paliponse. Pakati pa 2013 ndi 2016, akatswiri a bungwe lofufuza za matenda la MEIRU anayeza akuluakulu oposa 28,000 ku Area 25 muno mu Lilongwe komanso ku Karonga, ndipo anapeza kuti mwa anthu 100 alionse amene anali ndi matenda a shuga, 41 sankadziwa kuti ali nawo, pamene pa vuto la kuthamanga kwa magazi osadziwawo anali 58 mwa 100. Azakhali anga anali m'gulu la anthu otere. Anadziwa za shuga wawo atakhala miyezi ingapo ndi chilonda chosapola kuphazi, maso atayamba kale kuona mwachimbuuzi, ndipo kufikira lero zimandiwawa ndikaganiza kuti kadontho kamodzi ka magazi a pachala kakanawauza zimenezi zaka zambiri m'mbuyomo.

Yambani mwaonana ndi dokotala

Musanapite ku labotale, khalani pansi ndi dokotala kapena wachipatala wina amene amaona odwala, ndipo mumuuze mosapita m'mbali kuti simukudwala koma mukufuna kudziwa momwe thupi lanu likuyendera. Muuzeni zaka zanu, matenda amene alipo kumtundu kwanu, makamaka shuga, BP, sitiroko ndi matenda a impso, ngati mumasuta fodya, mowa umene mumamwa pa sabata, ndiponso mankhwala onse amene mukumwa. Pa mankhwalapa musabise azitsamba, kapena brufen ndi diclofenac amene ambiri amangogula pagolosale akamva msana, chifukwa mankhwala opha ululu a mtundu umenewu amawononga impso akamwedwa kawirikawiri. Zimene mwanenazi n'zimene zimamuthandiza dokotala kusankha zoyenera kuyeza, pakuti mayi wa zaka 28 amene amataya magazi ambiri pa msambo ndi bambo wa zaka 55 wonenepa amene amakhala muofesi tsiku lonse safunika kuyezedwa zofanana.

Pa ulendo womwewu pemphani kuti akuyezeni BP, sikelo ndi kukula kwa mimba. Mawu akuti kuthamanga kwa magazi amasokoneza anthu ena, amene amaganiza kuti vutoli lidzaoneka m'magazi otengedwa pamkono. Limayezedwa ndi lamba womanga pamkono, popanda singano, ndipo ngati nambala zake zikufika 140/90 kapena kupitirira pa masiku osiyanasiyana, munthuyo amafunika chithandizo ngakhale zotsatira zonse za ku labotale zitakhala zabwino.

Malo oti mupiteko amadalira thumba lanu ndi zimene mukufuna kuyezedwa. M'zipatala za boma monga za ku Kawale, Area 18, Area 25 ndi Bwaila thandizo ndi laulere, ndipo kuyeza kwa pachala monga kwa HIV, chindoko ndi malungo kumachitika tsiku ndi tsiku. Kuyeza kofuna makina akuluakulu, monga kwa impso ndi chiwindi, kumachitika dokotala akalemba pepala, ndipo chipatala chachikulu cha Kamuzu Central chimayembekezera kuti munthu afike atatumizidwa kuchokera ku chipatala chaching'ono. Zipatala za mishoni zimene zili pansi pa CHAM, monga Likuni, Nkhoma, Daeyang Luke ndi St Gabriel ku Namitete, zimalipiritsa, chimodzimodzinso zipatala ndi malabotale a anthu amene si aboma. Mukasankha kolipira, funsani mtengo wa chinthu chilichonse pachokha asanakubayeni, ndipo onani ngati malowo ali ndi chiphaso cha Medical Council of Malawi. Amene muli pa MASM kapena inshulansi ina ya zaumoyo, yambani mwafunsa ngati ndondomeko yanu imalipira kuyezetsa kwa munthu amene sakudwala.

Zimene zimayezedwa kawirikawiri

Kuyeza kumene madokotala amalemba kwambiri ndi full blood count, kumene papepala kumalembedwa mwachidule kuti FBC. Kumawerenga maselo ofiira amene amanyamula mpweya, maselo oyera amene amalimbana ndi matenda, ndi timaselo tothandiza magazi kuundana munthu akavulala. Nambala imene ambiri amaifuna pamenepa ndi ya haemoglobin, yolembedwa Hb. Malinga ndi bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, mwamuna ali ndi vuto la kuchepa kwa magazi ngati Hb yake ili pansi pa 13, mkazi ngati ili pansi pa 12, ndipo mayi woyembekezera ngati ili pansi pa 11.

Shuga amayezedwa m'njira zingapo, ndipo n'kofunika kudziwa njira imene yagwiritsidwa ntchito. Munthu akayezedwa m'mawa asanadye kanthu, nambala ya 7.0 mmol/L kapena kupitirira imasonyeza matenda a shuga, pamene ya pakati pa 6.1 ndi 6.9 ndi chenjezo lakuti matendawa ali pafupi. Akayezedwa nthawi ina iliyonse atadya kale, malire ake ndi 11.1. Palinso HbA1c, imene imaonetsa momwe shuga wakhala akuyendera pa miyezi iwiri kapena itatu yapitayo ndipo sifuna kuti munthu asale kudya; ikafika 6.5 peresenti imasonyeza matendawa. Komabe HbA1c imatha kusocheretsa mwa munthu amene magazi ake ndi ochepa, amene ali ndi matenda a magazi obadwa nawo otchedwa sickle cell, kapena amene wangothiridwa magazi posachedwa, ndipo poti anthu otere ndi ambiri kuno kwathu, ine ndimaona kuti kuyeza kwa m'mawa musanadye n'koyenera kuyambira, makamaka popeza mtengo wakenso ndi wotsika.

Impso zimayezedwa poona creatinine, chomwe ndi chinyalala chochokera m'minofu chimene impso zabwino zimachichotsa m'magazi. Kuchokera pa nambala imeneyi, pamodzi ndi zaka zanu ndiponso ngati ndinu mwamuna kapena mkazi, amawerengera eGFR, imene imaonetsa mphamvu ya impso posefa magazi. Ikakhala pansi pa 60 kwa miyezi itatu kapena kuposerapo, ndiye kuti impso zili ndi vuto lokhalitsa. Aliyense amene ali ndi shuga kapena BP ayenera kuyezetsa zimenezi pamodzi ndi mkodzo, chifukwa nthawi zambiri mkodzo ndi umene umayamba kuonetsa kuti impso zikuwonongeka. Amene akumwa ma ARV okhala ndi tenofovir nawonso afunse za impso zawo ku kiliniki kumene amalandira mankhwala, osawasiya okha.

Pa chiwindi amayeza ALT, AST ndi bilirubin, zimene zimakwera chifukwa cha mowa, makamaka kachasu ndi mowa wina waukali, mankhwala ena monga a TB, ndiponso tizilombo toyambitsa matenda a chiwindi. Apa ndikufuna kutsindika za hepatitis B, amene anthu ambiri sanamumvepo ngakhale kuti ndi mmodzi mwa zoyambitsa zikuluzikulu za khansa ya chiwindi mu Africa. Kachilombo kake kamafala kudzera m'magazi, pogonana, komanso kuchokera kwa mayi kupita kwa mwana, ndipo kamatha kukhala m'thupi zaka 20 kapena 30 munthu osadziwa. Katemera wake anayamba kuperekedwa kwa makanda m'dziko muno mu 2002, kutanthauza kuti ambiri amene tinabadwa chaka chimenecho chisanafike sitinamulandire tili ana. Kuyeza kwake kumatchedwa HBsAg, ndipo munthu wamkulu aliyense ayenera kuyezetsa kamodzi pa moyo wake. Amene wapezeka alibe akhoza kufunsa za katemera, ndipo amene wapezeka nako amayang'aniridwa n'kupatsidwa mankhwala ngati pakufunika kutero.

Mafuta a m'magazi, amene a chipatala amawatcha cholesterol, amathandiza kudziwa ngati munthu ali pa chiopsezo cha matenda a mtima ndi sitiroko, ndipo onse pamodzi ndi bwino asapitirire 5 mmol/L. HIV ndi chindoko zikhalebe pa mndandanda wanu. Abambo a zaka 50 kupita m'tsogolo akhoza kukambirana ndi dokotala za PSA, kuyeza kofufuzira khansa ya prostate, kachiwalo ka abambo kamene kali pansi pa chikhodzodzo, koma adziwe kuti nambalayi imakwera pa zifukwa zambiri zimene si khansa. Achinyamata amene akukonzekera banja, makamaka ngati kumtundu kuli mwana wa sickle cell, achita bwino kufunsa ngati angayezedwe onse awiri.

Malo ena olipira amagulitsa kuyeza kwa zinthu zambirimbiri pa mtengo umodzi, ndipo zimaoneka ngati n'zotchipa. Ine ndimalangiza kusamala. Munthu wopanda kutentha thupi safunika kuyezedwa malungo kapena typhoid, ndipo kuyeza kwa Widal kumadziwika kuti kumaonetsa typhoid ngakhale mwa anthu abwinobwino, amene kenaka amamwa mankhwala osafunika. Chimodzimodzinso nambala zina zimene amati n'zofufuzira khansa zinapangidwira kulondoloza odwala amene khansayo yapezeka kale, ndipo zikayezedwa mwa munthu wathanzi zimabweretsa mantha ndi kuwononga ndalama koposa phindu.

Kukonzekera

Funsani pasadakhale ngati muyenera kufika musanadye. Ngati ndi choncho, idyani nsima yanu yamadzulo monga mwa masiku onse, kenaka mukhale maola 8 mpaka 12 osadya kanthu. Kusadyaku kukuphatikizapo tiyi, phala, thobwa, chipatso ndi switi, pakuti ambiri amaganiza kuti chakudya ndi nsima yokha ndipo amafika ku labotale atamwa tiyi wa shuga ndi mandasi. Madzi okha ndi ololedwa, ndipo ndi bwino kumwa makapu awiri musananyamuke chifukwa amathandiza kuti mtsempha uoneke mosavuta, makamaka m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala. Pewani mowa tsiku lonse la dzulo lake, musadye kanyenya wambiri usiku umenewo, ndipo musachite masewera olemetsa thupi, chifukwa nyama yambiri ndi ntchito yakalavulagaga zimakweza creatinine kwa kanthawi.

Mankhwala a BP ndi ma ARV amamwedwa pa nthawi yake ndi madzi, pokhapokha dokotala atanena zina. Koma amene mumabaya insulin kapena kumwa mapiritsi otsitsa shuga, funsani momwe muchitire musanasale kudya, chifukwa kumwa mankhwalawo m'mimba muli mopanda kanthu kukhoza kutsitsa shuga mpaka kukomoka muli m'minibasi. Ngati mwangochira kumene malungo kapena matenda ena otentha thupi, dikirani masabata angapo, pakuti malungo amatsitsa Hb ndi timaselo toundanitsa magazi, ndipo zotsatira zake sizingaonetse momwe thupi lanu limakhalira masiku onse. Amayi anene ngati ali kumwezi kapena akuganiza kuti ali ndi pakati.

Nyamulani buku lanu la kuchipatala, pepala lochokera kwa dokotala, mapaketi a mankhwala amene mukumwa, ndi kachakudya koti mudye mukangomaliza. Lawirirani m'mamawa, kuti mzere usakupezeni muli ndi njala mpaka masana.

Pa nthawi yotenga magazi

Wotenga magazi amamanga lamba pamwamba pa chigongono, amapukuta khungu ndi spirit, kenaka amalowetsa singano mu mtsempha, ndipo zonsezi sizitenga mphindi zisanu. Muli ndi ufulu woona kuti singano ikutsegulidwa m'paketi yatsopano pamaso panu. Onetsetsaninso kuti dzina lanu lalembedwa molondola pa kabotolo kalikonse musanachoke pampando, chifukwa pamzere umodzi pamatha kukhala a Banda kapena a Phiri angapo, ndipo kusinthana kwa zotsatira kumayambira pa zinthu zazing'ono ngati zimenezi.

Anthu ena amadandaula akaona timabotolo titatu kapena tinayi tikudzazidwa, ndipo nkhani za anamapopa zimene zimamveka nthawi ndi nthawi zawonjezera mantha amenewa. Timabotolo timachuluka chifukwa kalikonse kali ndi mankhwala ake osungira magazi mogwirizana ndi chimene chikukayezedwa, n'chifukwa chake zivindikiro zake zimasiyana mitundu. Kamodzi kamalowa mamililita 3 mpaka 5, pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, pamene thupi la munthu wamkulu lili ndi malita pafupifupi 5. Amene amapereka magazi mwaufulu ku Malawi Blood Transfusion Service amachotsedwa mamililita pafupifupi 450 nthawi imodzi n'kubwerera kunyumba akuyenda okha, choncho timabotolo ta ku labotale sitingamufooketse munthu.

Ngati mumachita chizungulire mukaona magazi, nenani poyamba kuti akugonekeni, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Singano ikatuluka, dinani thonje mwamphamvu kwa mphindi zitatu kapena zisanu mkono uli wowongoka. Pamalopo pakhoza kuda pang'ono kwa masiku angapo. Musanatuluke funsani tsiku lotenga zotsatira ndi chitseko chimene mukafikire.

Kumvetsa zotsatira

Papepala la zotsatira, pambali pa nambala yanu pamakhala malire amene anthu athanzi ambiri amapezekamo, ndipo makina amaika H pa nambala yokwera ndi L pa yotsika. Musathamangire kuda nkhawa ndi chilembo chimodzi. Malirewo amakonzedwa m'njira yoti anthu athanzi 95 mwa 100 agweremo, kutanthauza kuti 5 mwa 100 amakhala kunja pang'ono popanda matenda alionse, ndipo munthu akayezedwa zinthu 20 nthawi imodzi si zachilendo kuti chimodzi chipatuke. Anthu ambiri akuda ali ndi maselo oyera ocheperapo mwachibadwa poyerekeza ndi azungu, pamene malire osindikizidwa pa mapepala ena anachokera ku mayiko akunja. Chofunika kwa dokotala ndi kukula kwa kupatukako, zizindikiro zimene muli nazo, ndi momwe nambalayo inalili nthawi yapitayo.

Yang'aninso muyezo umene wagwiritsidwa ntchito. Zipangizo zina zoyezera shuga zimawerenga mu mmol/L pamene zina zimawerenga mu mg/dL, ndipo kuti muchoke pa woyamba kupita pa wachiwiri mumachulukitsa ndi 18, moti 7.0 ndi chimodzimodzi ndi 126. Munthu amene anazolowera kuona 5.5 akhoza kudzidzimuka ataona 99 pa chipangizo cha chipatala china, pamene shuga wake sanasinthe ngakhale pang'ono. Ndiponso ngati mulibe zizindikiro, nambala imodzi yokwera siyokwanira kunena kuti muli ndi shuga. Iyenera kubwerezedwa tsiku lina musanayambe mankhwala.

Pa kuchepa kwa magazi ndi pamene ndimaona anthu ambiri akulakwitsa. Akangouzidwa kuti Hb yatsika, amathamangira kugula zakumwa zofiira zotsekemera kapena kuwiritsa masamba a mapeyala, poganiza kuti chofiira chilichonse chimasanduka magazi. Zakumwa zimenezo ndi madzi ndi shuga. Kuchepa kwa magazi ndi chizindikiro chakuti pali chimene chikuwadya kapena kuwalepheretsa kupangika, ndipo chimenecho chiyenera kufufuzidwa. Chikhoza kukhala malungo obwerezabwereza, njoka za m'mimba, likodzo, msambo wochuluka, zilonda za m'mimba, matenda a impso, HIV, kapena kusowa kwa ayironi m'zakudya. Mwa mwamuna, kapena mwa mayi amene anasiya kusamba, dokotala ayenera kufufuza ngati magazi sakutayika m'matumbo mosaoneka. Ngati chifukwa chake ndi ayironi, mapiritsi ake amamwedwa kwa miyezi ingapo ngakhale munthu atayamba kupeza bwino, ndipo chiwindi, nyama, usipa, nyemba, bonongwe ndi chisoso zimathandiza, bola tiyi asamwedwe pamodzi ndi chakudyacho chifukwa amalepheretsa ayironi kulowa m'thupi.

Bwererani ndi pepalalo kwa amene anakutumizani, ngakhale mukuona ngati zonse zili bwino, ndipo mumufunse mafunso atatu: chimene chapatuka n'chiyani, muchite chiyani tsopano, ndipo mudzayezetsenso liti. Kutumiza chithunzi cha zotsatira pa gulu la WhatsApp kuti anzanu akumasulireni kumangochulukitsa mayankho otsutsana, komanso kumaulula zinsinsi zanu kwa anthu amene sizikuwakhudza.

Muziyezetsa kangati

Wachinyamata wathanzi amene kumtundu kwawo kulibe matenda amene tatchulawa safunika kubayidwa chaka chilichonse pa zinthu zonse. BP ndi HIV kamodzi pachaka, ndi hepatitis B kamodzi, n'zokwanira kwa ambiri. Kuyambira zaka 35 kapena 40, shuga ayezedwe pa zaka zitatu zilizonse ndipo cholesterol pa zaka zisanu, koma pafupipafupi kuposa pamenepa ngati munthu ndi wonenepa, ali ndi BP, makolo ake anali ndi shuga, kapena ndi mayi amene shuga anakwera ali woyembekezera. Amene ali kale ndi shuga kapena BP ayezetse impso chaka chilichonse. Amene ali pa ma ARV atsate masiku amene apatsidwa ku kiliniki oyeza viral load, komwe ndi kuchuluka kwa kachilombo m'magazi, ndipo amayi oyembekezera ayambe sikelo m'miyezi itatu yoyambirira kuti magazi awo ayezedwe msanga.

Ndondomeko imeneyi ndi ya munthu amene akupeza bwino. Ngati mukumva ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi usiku, mukuwonda popanda chifukwa, maso achita chikasu, mapazi ndi nkhope zikutupa, mukupuma movutikira pokwera kamtunda kakang'ono, kapena mukuona magazi m'chimbudzi ndi mumkodzo, pitani kuchipatala sabata yomweyo osadikira tsiku limene munakonza.

Pepala lililonse la zotsatira limatirireni m'buku lanu la kuchipatala ndipo mulijambule ndi foni, chifukwa mapepala ena osindikizidwa ndi makina amafufutika pakapita miyezi. Bukulo likadzaza musalitaye, lisungeni pamodzi ndi latsopano. Pa tsamba lomaliza lembani deti, Hb, shuga, creatinine ndi BP za tsikulo mu mzere umodzi, ndipo pansi pake mulembe mwezi ndi chaka chimene dokotala wanena kuti mudzabwerenso.